Pepala la Virginia pa Filimu ya Nkhondo

Aphunzitsi a mbiri, a Goma, anaonetsa kalasi filimu ya nkhondo yakale ya maola atatu, n'kuuza aliyense kuti alembe maganizo ake. Virginia, yemwe anapalasa njinga kuchokera ku Kambombo m'mamawa, anagona asilikali asanawoloke n'komwe mtsinje woyamba. Posowa cholemba, anangoti filimuyo ndi yotopetsa, yongokoka nkhani.

Lolemba a Goma anawerenga pepala lakelo mokweza.

"Uyu yekha ndiye sanandinyengerere," anatero. "Manje mafilimu basi, tibwerere pa bolodi."

Kalasi yonse inamucheukira. Anzake atatuluka, Virginia anatsalira pakhomo, akupotapota lamba wa chikwama.

"Aticha, musaleke chifukwa cha ine," ananong'ona. "Sindinaionere, ndinagona. Kodi anawoloka mtsinje uja?"