Chithunzi cha pa Pasaka

Fawzi Saba anachiona chithunzicho ali m'butchala mwake, manja ali mafuta okhaokha. Anamuonetsa ndi mnansi wake wogulitsa khofi, amene anangomuyandikizira foni kumaso.

Pachithunzipo panali mwana wake Rabih atavala suti yotuwa, ndi mnzake wa ku Beirut uja, Hadi, nayenso m'suti. Pakati pawo panaima Nuhad, mlongo wake wamkulu wa Fawzi, atakweza tambula ya mowa wa araki, akuseka. Patebulo panali maluwa oyera. M'munsi mwake wina analembamo kuti: "Uwu ndiwo ukwati umene Nuhad Saba akufuna kutibweretsera kuno ku Zahle."

"Apa timadya Pasaka," anatero Fawzi. "M'nyumba mwanga. Maluwawo anagula ndi mkazi wanga."

"Ine ndikudziwa, bambo a Rabih," mnansiyo anayankha. "Koma chafika kale mpaka ku tauni ya Baalbek."

Chisankho cha aphungu chinali pafupi. Nuhad, amene anali loya, anaima nawo, ndipo mfundo yake yaikulu inali imodzi: boma lizimangitsa lokha maukwati a ofuna, kuti Mkhristu akakondana ndi Msilamu asamakwere ndege kukakwatirana ku Cyprus ngati anthu othawa mlandu. Ansembe anakana. Mashehe anakananso, ndipo Fawzi chibadwire anali asanaone mbali ziwirizo zikupukusa mutu pamodzi. Iwo ankati ukangochotsa ukwati m'manja mwa Mulungu n'kuupereka kwa kalaliki wa boma, mawa kalalikiyo adzakwatitsa amuna awiri. Nuhad ankaiseka nkhaniyo. Fawzi, amene ankamuyendetsera galimoto ndi kumumatira zithunzi m'makoma, ankaseka naye.

Tsikulo anatseka butchala dzuwa lili pamutu. Anakhala m'galimoto n'kuchiyang'anitsitsa chithunzicho. Wojambulayo anaima cha kukhomo la khitchini. Panalibe mlendo pa chakudya chija, onse anali apabanja kupatula Hadi.

Woyamba kumukayikira anali Tanios, mchimwene wa mkazi wake. Tanios ankaimba m'kwaya, ndipo pageti pake panali chithunzi chachikulu cha phungu wakale amene Nuhad ankafuna kumugwetsa. Pa Pasaka paja anadya kwambiri koma analankhula pang'ono. Fawzi anakamupeza m'munda wake wa mphesa akumangirira nthambi.

"Alamu, nkhope imeneyo mwabwera ndi mpeni?" Tanios anafunsa.

"Ndionetseni foni yanu."

Tanios anapisa m'thumba n'kumupatsa. Inali foni yakalekale yamabatani, galasi lake long'aluka.

"Imeneyi ngakhale ng'ombe singaijambule," anatero Tanios. "Inu mukusaka amene anajambula. Mwadzifunsapo amene wapindula? Lero achinyamata a ku Beirut akuwatama achemwali anu kuti ndi ngwazi. Dzana ankawadziwa ndani?"

"Samalani pakamwa panu."

"Ndasamala zaka zambiri." Tanios anamanga nthambi ina, osamuyang'ana. "Mnyamata uja amabwera Pasaka iliyonse. Msilamu, Pasaka amaifunira chiyani?"

"Ndi mnzake wa Rabih."

"Eya. Inenso ndinali ndi anzanga. Palibe anandichotsapo kaulusi pakolala ngati mmene Hadi amachitira kwa Rabih."

Fawzi anachoka osatsanzika. Panjira anamuimbira Rabih. Foni inaitana mpaka kudukira yokha.

M'mawa mwake kunabwera Bambo Elia, wansembe wa parishi yawo, munthu wolankhula motsitsa ngati pali wodwala pafupi. Sanagule nyama. Anakhala pampando wa makasitomala n'kuika chipewa pabondo.

"Rabih ndinamubatiza ndine," anatero. "Zandipweteka ngati ndine bambo wake."

"Zikomo, Abambo."

"Nkhani yotere imazima ikathiridwa madzi msanga. Achemwali anu atangonena poyera kuti ukwati ukhale m'manja mwa Mpingo ndi mzikiti monga kale, ine Lamulungu likubwerali ndiima paguwa n'kunena kuti chithunzicho n'chabodza, mwanayo ndi wabwino. Shehe Kassem wavomera kunena zomwezo Lachisanu."

"Nanga akakana, mwanayo sakhalanso wabwino?"

Wansembeyo anamwetulira mwachisoni. "Ine ndingatseke pakamwa pa anthu pamene achemwali anu akutsegula zitseko? Ganizirani bwino." Anaimirira. "Mukawapatse moni mayi anu. Pachithunzi paja akuoneka otopa, atagona pampando."

Fawzi anamuperekeza mpaka pakhomo. Atabwerera mkati anatulutsa foni n'kuchiyang'ananso chithunzicho, mbali ndi mbali. Mayi ake panalibe. Pa Pasaka paja anawodzeradi pampando wa pakona, koma pa chithunzi chimene chinkayenda m'mafoni konayo inali yodulidwa.

Madzulo ake, akumutengera Nuhad kumsonkhano wa m'mudzi wina wa kuphiri, anamuuza zimene wansembe anapempha.

"Sindinena zimenezo," anatero Nuhad, akuwerenga mapepala ake.

"Ndi mwana wanga, achemwali."

"Ndi mwana wanganso. Ndikagwada lero, mawa adzabwera ndi chithunzi cha mwana wa wina."

Fawzi anakhotetsa galimoto pakona. Kenako anafunsa, maso ali pamsewu: "Pachithunzi paja, anakuuzani ndani kuti muime pakati pawo?"

Nuhad anatseka mapepala aja. "Imitsa galimoto."

"Ndangofunsa."

"Iwe Fawzi, ndinkakusambitsa ine. Ukuganiza kuti ndingagulitse Rabih chifukwa cha mpando? Wakuthira zimenezo ndi Tanios, ndikumva fungo lake." Anapuma kwambiri. "Wamuimbira mwanayo?"

"Sakuyankha."

"Ine akundiyankha."

Mawu amenewo anamulasa Fawzi kuposa a Tanios. Anafuna kufunsa kuti amakambirana zotani, koma anaopa kuti amuuza.

Kunyumba Fawzi anayamba kuyang'ana aliyense ndi diso lina. Mkazi wake Georgette, amene nthawi zonse foni yake inkangogona paliponse, tsopano ankayenda nayo m'thumba la epuloni. Masana ena anamupeza m'khitchini akukulunga mpunga m'masamba a mphesa. Anakhala moyang'anizana naye.

"Abambo Elia anaona chithunzi chonse, chosadula," anatero Fawzi. "Anachiona kuti?"

Georgette anapitiriza kukulunga. Tsamba linang'ambika. Anatenga lina, nalonso linang'ambika.

"Ndinajambula ndine," anatero pomaliza. "Ndinakawaonetsa kuti amupempherere. Anati ndiwatumizire, aziona nkhope yake akamapemphera."

"Amupempherere chiyani? Akudwala?"

Georgette anaika tsamba lija pansi.

"Bambo a Rabih, atsikana amene ndamuonetsa mwana uyu angadzaze tchalitchi. Mwana wa a Hanna, mwana wa aphunzitsi, namwino uja wa maso okongola. Aliyense amamulandira bwino, kumuperekeza, basi. Inu mumati akusankha. Ine ndinasiya kalekale kunena choncho."

"Anakuuza yekha?"

"Sanandiuze. Sindinamufunse."

"Ndiye sukudziwa."

"Chabwino, sindikudziwa."

Fawzi anaimirira, n'kukhalanso pansi. "Unatenga mwana wathu n'kukamuika m'foni ya munthu amene akulimbana ndi mlongo wanga."

"Ndinapita kwa wansembe wanga. Ndikanapita kwa ndani? Kwa inu?" Misozi inali italengeza koma mawu ake sananjenjemere. "Ndinakawafunsa chitangotuluka. Akuti foni yawo imagwiridwa ndi ambiri, woyendetsa galimoto, akatekisiti, ana a kwaya. Analumbira pamtanda."

"Ndipo wakhulupirira."

"Masiku ena ndimakhulupirira."

Mtsutso wa opikisana unachitikira m'holo ya sukulu ina, Loweruka masana. Anthu anadzaza mpaka m'mawindo. Pamzere wakutsogolo Bambo Elia ndi Shehe Kassem anakhala moyandikana, akugawana botolo la madzi. Phungu wakale analankhula za magetsi ndi misewu mwachidule, kenako anatembenukira kwa Nuhad.

"Mayi, tiyankheni mosazungulira. Lamulo lanu likadutsa, amuna awiri akabwera kwa kalaliki, awakwatitse kapena awabweze?"

"Lamulo langa likunena za mwamuna ndi mkazi a zipembedzo zosiyana," anatero Nuhad. "Mwaliwerenga, mukudziwa. Dziko lino lili ndi makhoti a chipembedzo oposa khumi, ndipo mwana wamkazi wa ku Zahle ufulu wake ndi wosiyana ndi wa mnzake wa kutsidya kwa msewu. Ine ndikuti boma likhale la onse."

"Sindinafunse zimenezo. Mumtima mwanu, inde kapena ayi?"

"Mumtima mwanga simuvoteredwa."

Ena anawomba m'manja, ambiri anang'ung'udza. Bambo wina kumbuyo anakweza foni m'mwamba, kuonetsa chithunzi chija. "Nanga awa ndi ndani?"

"Ameneyo ndi mwana wa mlongo wanga, akudya Pasaka kwa bambo ake," Nuhad anayankha. "Amene anaba chithunzicho patebulo la banja ndiye afunsidwe kuti amapemphera kuti."

Mitu inatembenukira kwa Fawzi, amene anaima pafupi ndi khomo, makiyi a galimoto ali m'manja. Onse ankadikira kuti anene kanthu, akane, atukwane, alumbire pa dzina la mwana wake. Anthu ambiri mwa iwo ankagula nyama kwa iye. Fawzi anayang'ana Bambo Elia. Wansembeyo anali akupukuta magalasi ake.

Fawzi sananene kanthu, ndipo m'tauni anthu anakutenga kukhala chete kwakeko ngati yankho.

Nuhad anagonja. Lamulungu lotsatira Bambo Elia analalikira mwamphamvu za tchimo la miseche, ndipo amayi ena analira. Amene anatumiza chithunzicho sanadziwike. Ena ankati woyendetsa galimoto ya parishi, ena ankati anyamata a phungu, ndipo Tanios anapitiriza kunena kuti ndi Nuhad yemwe. Fawzi anayamba kukapemphera ku tchalitchi cha kutsidya kwa mtsinje, kumene ankakhala kumbuyo n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe. Georgette anatsala kwa Bambo Elia. Sanakanganenso za nkhaniyo. M'butchala makasitomala ena anasiya kubwera, ena anabwera ambiri kuposa kale, ndipo Fawzi sankadziwa kuti awaope ati.

Rabih sanabwere nyengo yokolola zipatso za matcheri, chinthu chimene anali asanachitepo. Tsiku lina m'mawa Fawzi anadula nyama ya nkhosa yabwino kwambiri, anaiika m'bokosi la madzi oundana, n'kuwoloka phiri kupita ku Beirut osauza munthu. Nyumba ya mwana wake ankaidziwa kunja kokha, chifukwa nthawi zonse Rabih ankatsika kudzamuchingamira pamsewu.

Anatsegula chitseko ndi Hadi, atavala malaya apanyumba ndi masilipasi. Nkhope yake inasintha.

"Amalume. Rabih ali kuntchito, abwera masana."

"Ndidikira."

Hadi analandira bokosilo n'kukaika nyama m'firiji, osafunsa kuti aike pati. Fawzi anakhala pampando, manja pamaondo. Nyumbayo inali yaing'ono, yaukhondo. Pakhoma panali kamtanda kamene Georgette anamupatsa Rabih, ndipo pashelefu panali chithunzi cha mayi wina wokalamba wofunda mpango wakuda. Kukhonde la mkati kunali zitseko ziwiri, zonse zotseka. Fawzi anaziyang'ana, kenako anayang'ana pansi.

Hadi anabweretsa khofi. Anamuikira kapuyo patebulo.

"Chithunzi chija kwanu chinafika?" Fawzi anafunsa.

"Chinafika."

"Anati chiyani bambo ako?"

"Anati ndisapiteko kaye. Achimwene anga ali ndi mkwiyo."

Fawzi anamwa khofiyo. Anali wowawa bwino, monga amamukondera, ndipo anadabwa kuti mnyamatayu wadziwa bwanji. Funso limene anabwera nalo kuchokera ku Zahle linali pakamwa penipeni. Analimeza pamodzi ndi khofi.

"Nyama ija musaiumitse," anatero. "Ndi yophika lero. Uli ndi anyezi?"

"Alipo."

"Bweretsa, ndi mpeni wakuthwa ngati muli nawo m'nyumba muno."

Rabih atafika masana anaima pakhomo la khitchini, chikwama chili paphewa. Bambo ake anali atapinda malaya, akudula nyama, Hadi akusenda anyezi pambali pawo, maso ali ofiira.

"Ababa," anatero Rabih.

"Foni yako inafa?"

"Ayi."

"Kasambe m'manja. Mipeni yanu ndi yobuntha ngati masupuni, ndidzabwera ndi wanga."

Rabih anazengereza pang'ono, akuyang'ana nkhope ya bambo ake ngati akufuna kuwerengapo kanthu. Kenako anatula chikwama n'kupita kukasamba.