Wakufa Anaguba Lachinayi

Rumyana anaponya nyuzipepala patebulo, pafupi ndi mbale ya tirigu wowiritsa wotsala pamaliro.

"Werengani mokweza, a Lyuben. Amayi amve zimene mkamwini wawo amalemba."

Lyuben, mwamuna wake, yemwe anali mkonzi wa nyuzipepala ya Chipani m'boma lathu, anangoti zyoli. Ndiye Rumyana anawerenga yekha: "Pa Tsiku la Zilembo, dzuwa likuwala, mphunzitsi Dobri Shopov anatsogolera ana osangalala pothokoza Chipani chimene chinatipatsa kuwala kwa maphunziro."

Chithunzi chinalipo: a Dobri, bambo ake a Rumyana, akumwetulira, maluwa ali m'manja. Chinali cha chaka chatha. A Dobri anamwalira Lachiwiri, anaikidwa Lachitatu, ndipo Lachinayi, malinga ndi nyuzipepala, anadzuka n'kukaguba. Dzuwalo nalonso linali labodza. Mvula inagwa tsiku lonse, ana akunjenjemera m'malaya oyera, mbendera zofiira zitanyowa ngati nsanza zokolopera.

"Tsambalo tinalikonza sabata yatha," Lyuben anatero. "Timatero chaka chilichonse, akuluakulu amafuna alione tsiku lisanafike. Ndinangoiwala kuchotsa dzinalo."

"Munaiwala? Bokosi la maliro lija munanyamula nawo ndinu!"

Chonyansa china chinali pamwamba pa kabati. Kwathu kuno munthu akamwalira timamata zidziwitso pachipata ndi pamitengo, zokhala ndi nkhope yake ndi tsiku limene watisiya. Koma a Chipani analetsa kumata sabata yachikondwerero, ati makoma azioneka achimwemwe. Motero munthu amene anaphunzitsa theka la tauni anaperekezedwa kumanda ndi anthu osadzaza ngakhale benchi ziwiri, ndipo zidziwitso zake zinali zikadali mumtolo.

Lyuben anatembenukira kwa apongozi ake, mayi Nedyalka, amene anakhala pakona chiyambire.

"Amayi, ndikukupemphani. Tingosintha tsiku pazidziwitsozi, tilembe Lachisanu. Wosindikiza ndi mnzanga, mawa zikhala zitatheka. Mukamata izi, tauni yonse iona kuti pepala la Chipani lanama. Ntchito yanga yatha, nyumba timakhalayi atilanda. Mwana wanu akagona kuti?"

"Ndiye mukufuna amwalirenso kachiwiri," mayiwo anatero, "pa tsiku lokukomerani inu."

"Wakufa sizimupweteka, amayi."

Rumyana anamuyang'ana mwamunayo ngati ntchentche yagwera mumkaka. Koma mantha analinso nawo, chifukwa za nyumbazo zinali zoona.

Mayi Nedyalka anaimirira. Kunja kunali kukuzizirabe, choncho anavala jekete la malemu limene linali pamsomali, natenga mtolo uja. Anasakaniza ufa ndi madzi m'kapoto kuti apange phala lomatira, ndipo sanapemphe munthu kuti awaperekeze. Rumyana anaima pakhomo kanthawi, mwamuna wake atamugwira mkono. Kenako anauchotsa mkonowo n'kukawalandira amayi ake kapoto.

Anayamba pachipata, n'kutsika ndi mitengo ya mumsewu wakusukulu. Pabwalo la tauni panali bolodi limene amakhomapo nyuzipepala, ndipo anthu angapo ankawerenga tsamba lija. Mayi Nedyalka anapaka phala la ufa pambali penipeni pa chithunzi chomwetulira, namata nkhope ya mwamuna wawo ndi tsiku lake lenileni. Anthu anaona uku, anaona uku. Bambo wina anavula chipewa. Wina analavula pansi, n'kuyang'ana msanga kumbuyo ngati alipo wamuona.

Mayiwo anapisa m'thumba la jekete kufuna kansalu kopukutira manja, koma anatulutsa kapensulo kofiira, kotafunidwa kumapeto. Anakayang'ana nthawi yaitali. Kenako anayandikira nyuzipepala ija, nalemba mzere pansi pa chiganizo chija chonse, pang'onopang'ono, mosakhota. M'mphepete analemba mawu amene aliyense woima pamenepo anakumanapo nawo m'kope lake la kusukulu ali mwana: "Si zoona. Kalembenso."