Wolandira Ng'anjo Yachitatu

Otilia anabwera nawo bambo ake pa galimoto ya maliro kuchokera ku Stuttgart, iye kutsogolo pambali pa dalaivala, iwo kumbuyo m'bokosi. Atakhota pa phiri lomaliza, pamene chigwa cha Govarna chimaonekera chonse, anatsitsa galasi kuti anunkhize kwawo. Kunalibe fungo lililonse. Mpweya unali woyera ngati wa kwa eni ake, ndipo zimenezo zinamupweteka m'njira imene sakanatha kuuza munthu.

Ali mwana, chigwachi munthu ankachidziwa ndi mphuno. Fumbi lofiira linkatera pa zovala zoyanika, pa kabichi m'madimba, ngakhale m'mano. Amayi ankayang'ana kaye kumene utsi walowera asanayambe kuchapa. Mtsinje unkasintha mtundu malinga ndi zimene ng'anjo zaphika tsiku limenelo. Tsopano unali mbee, ndi nsomba zomwe, koma ana oti aziwedza anabadwira ku Italy ndi ku Spain. Machumuni anawagwetsa, ng'anjo anazidula n'kuzigulitsa pa sikelo kwa anthu amene sanazionepo zikuyaka. Otilia anawerenga mabuku ambiri onena za matauni otere, olembedwa ndi anthu a m'manja mofewa, ndipo onse ankati kutseka fakitale kunali kwanzeru. Sankawatsutsa. Ankangolakalaka kuwaponyera pa windo.

A Nichifor, bambo akewo, anapita kukakhala kwa mwana wawoyo chifuwa chitawakulira, ndipo kumeneko sanapemphe kanthu, ngakhale mchere patebulo. Koma sabata yomaliza anatulutsa pansi pa pilo kagalasi kabuluu ka m'chimango chathabwa chopserera, kamene ankasuzumira nako m'ng'anjo kuti moto usawathere maso.

"Ukapita nane kwathu, Gheza akandilandire," anatero. "Usakandiike ndisanaweruke."

Otilia anamva bwino lomwe. Ng'anjo ya chitsulo siisiyidwa yokha. Munthu wa pa ng'anjo sankaweruka chifukwa wotchi yakwana. Ankaweruka mnzake wa shifiti yotsatira akafika n'kumulandira. Akachedwa, udikira. Akapanda kubwera, ukhala chiimire mpaka mawa. Lamuloli linayamba ng'anjo yoyamba ikudyabe makala a mitengo ya m'mapiri omwewa, ndipo m'kupita kwa nthawi linatuluka pa geti n'kulowa m'maliro. Bokosi linkaima pa geti la fakitale, womulandira uja n'kutenga kagalasi, n'kumuuza kuti apite. Akuluakulu a chipani cholamula analetsa, ansembe ankanyinyirika, anthu n'kumachitabe.

Pa ng'anjo yachitatu akapitawo anali atatu. A Nichifor ankapereka kwa a Gheza, a Gheza kwa a Sever, a Sever n'kubweza kwa a Nichifor.

"Gheza wakana," anatero tanti Saveta, azakhali ake, mlongo wa malemuwo, Otilia asanavule n'chikhoti chomwe. "Ndamutumizira mawu kawiri. Akuti mwendo. Mwendo wake womwewo dzulo unali pamsika ukugulitsa tchizi."

Madzulo a tsikulo Otilia anakwera basi yopita kumtunda kwa chigwa, kumidzi kumene amuna ankatsika m'bandakucha kukasungunula chitsulo, n'kubwerako kudzamweta udzu wa ng'ombe. A Gheza anawapeza pansi pa mitengo ya mapulamu, akunola chikwakwa.

"Ndiwe Otilia wa Nichifor? Wanenepa. Ajeremani amakudyetsani batala yekhayekha?"

"Inu mwafupika, nea Gheza," anayankha Otilia, n'kuikapo "nea", mawu aulemu a kwawoko oitanira mwamuna wamkulu.

"Nthaka ikundikoka. Khala apo, si pabwino koma ndi pomwepo."

Anamuthirira mowa wa mapulamu m'kapu yaing'ono. Otilia anatulutsa kagalasi kaja n'kukaika pa benchi pakati pawo. Mkuluyo sanakayang'ane.

"Bambo ako sanali mnzanga," anatero. "Usabwere ndi nkhani za ubwenzi. Moyo wonse ndinkamuona kanthawi kochepa pa tsiku, ndipo kanthawi kameneko tinkatukwanana. Ankandisiyira pansi pali bii, mafosholo ali mbwee. Kunyumba kwake sindinalowemo. Mayi ako ndinawadziwira pa maliro awo."

"Ndiye palibe chovuta. Mukawatukwane komaliza."

A Gheza anaseka, kenako anakhosomola chifuwa chomwe chija cha a Nichifor, chifuwa cha chigwa chonse.

"Unaphunzira kwambiri iwe, werenga bwino. Sever atamwalira, anamulandira ndani?"

"Bambo."

"Bambo ako ndiwalandire ine. Nanga ine? Wondilandira anali Sever. Ndikangokhudza kagalasi ako, ng'anjo yatsala m'manja mwanga. Ndidzaima pamenepo mpaka liti?"

Otilia anayang'ana nkhope yawo kuti aone ngati akuseleula. Sankaseleula.

"Ng'anjoyo kulibe, nea Gheza. Anaidula. Pano ndi masipuni ku Turkey."

"Nanga wamuyendetsera chiyani mtunda wonsewu? Ukanamuika kwa Ajeremani konko. Ndimamva manda awo amawasesa ngati chipatala."

Otilia anayang'ana kagalasi pa benchipo. Iye yemwe anagwirapo pa ng'anjo imeneyo asanachoke, m'kachipinda ka kireni, makina onyamulira zolemera, pamwamba pa moto, akunyamula mitsuko ya chitsulo chamadzi pamwamba pa mitu ya amuna omwewa. Anachoka atalumbira kuti fumbi la kuno silidzamuteranso, ndipo lumbirolo analisunga bwino kuposa ukwati wake. Anatenga kagalasi kake, n'kutsanzika mwaulemu wouma. Ali m'basi anawatukwana mumtima m'zinenero ziwiri, koma pofika m'tauni mkwiyo unali utatha, patatsala mantha: mawa adzawaika bambo ake ali pa ntchito.

Kutacha anthu anasonkhana ochuluka kuposa mmene ankayembekezera, ambiri a ndodo. Anatuluka m'tchalitchi n'kutsika ndi msewu wa kufakitale. Pamene panali geti tsopano panali poimika magalimoto pa sitolo yaikulu ya Ajeremani, yofanana ndendende ndi imene Otilia ankagulako mkaka ku Stuttgart. Anathawa kwawo kupita kumeneko, kumeneko n'kubwera kudzakhala pa geti la bambo ake.

Malo enieni a geti anayambitsa mkangano. Wina ankati ndi pamene pali ngolo zogulira zinthu, wina ankati ndi pafupi ndi msewu. Tanti Saveta anayenda chowerama mpaka anapeza kachidutswa ka njanji kamene phula linalephera kukwirira.

"Apa. Ndinkaima apa ndi chakudya cha malemu amuna anga. Tsitsani."

Anatsitsa bokosi pa mipando iwiri, Otilia n'kuika kagalasi pamwamba pake. Ndiye anayamba kudikira. Wansembe, mnyamata wochokera kuchigwa china, anafunsa monong'ona ngati pali pemphero lina limene sanauzidwe. Mayi wina anaima ndi ngolo yake yodzaza, n'kudzilemba mtanda. Galimoto ina inaliza hutala, nkhalamba zonse n'kutembenuka pamodzi kuiyang'ana, ndipo inabwerera chambuyo mwakachetechete.

Bambo wina wa ndevu zoyera anakonza kukhosi. "Ngati palibe wina, ine ndikhoza kumulandira. Nichifor ndinkamudziwa."

"Iwe wa kopanga misomali?" anatero mnzake. "Ulandire ng'anjo? Moto unauonera pa ndudu."

"Misomali yanga ndi imene yagwira bokosilo!"

Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kwakufupi. Otilia anaona kuti wansembe wayamba kusuntha mapazi, ndipo anadziwa kuti sangawasunge anthu okalamba padzuwa mpaka kalekale. Anatambasula dzanja kuti achotse kagalasi.

"Siya, basi iyo yafika," anatero tanti Saveta.

A Gheza anatsika chammbali, mwendo umodzi kenako unzake. Anavala jekete ya kuntchito ya nsalu yokhuthala, yobooka ndi nthethe za moto, imene tsopano inkawalendewera m'mapewa. Sanapereke moni kwa aliyense. Anadutsa pakati pa anthu, n'kuima kumutu kwa bokosi, n'kuyang'ana uku ndi uku: sitolo, magalimoto, chigwa chopanda utsi.

"Nichifor!" anakuwa. "Ndi chiyani chimenechi wandisiyira? Ndinasiyapo liti ng'anjo yozizira ine? Machumuni ali kuti? Ndikusiye pang'ono, wagulitsa ndi geti lomwe, chitsiru iwe!"

Wansembe anatsegula pakamwa. Tanti Saveta anamugwira mkono. "Musadandaule, abambo. Ndi moni wawo."

"Pansi sunasese. Mafosholo sindikuwaona. Unathawira kwa Ajeremani kukagona pa matiresi, ine n'kumadikira kuno ngati mbuzi yomangirira." Mawu anayamba kuwathera. Anaika dzanja pa thabwa. Kenako anatenga kagalasi, n'kukapukuta pa jekete, n'kusuzumiramo molunjika kumene ng'anjo yachitatu inkaima, kumene tsopano kunali chikwangwani cha mtengo wa nkhuku. Anayang'ana nthawi yaitali, monga munthu amene akuonadi kanthu.

"Chabwino," anatero motsitsa. "Ndaona. Unasunga bwino. Ndalandira, Nichifor. Weruka, ukasambe."

Zipewa zonse zinatsika. Otilia sanalire ku chipatala, sanalire m'njira yonse, koma apa anagwira chogwirira cha ngolo ya mayi uja, mayiyo n'kumusiya agwire. Anayang'ana nkhalamba zimenezi, za mano ochepa ndi zifuwa zolira, zimene dziko linazitaya pamodzi ndi zitsulo zakutha, koma zinabwera kudzaima padzuwa kuti munthu mmodzi asapite ali ndi ntchito m'manja. Mabuku aja sanalembe zimenezi. Olemba ake sakanadziwa pofunsa.

Ananyamula bokosi n'kuyamba kukwera kumanda. A Gheza anatsalira m'mbuyo chifukwa cha mwendo, umene tsopano unkaoneka kuti ukupwetekadi. Otilia anachepetsa liwiro mpaka anafanana nawo. Anafuna kupsompsona dzanja lawo, iwo n'kulibisa m'thumba mmene munali kagalasi.

"Zikomo, nea Gheza."

"Sindinachitire iwe. Usiku wonse bambo ako amandiyang'ana ndi nkhope yake ija ya munthu amene wadikira basi."

Anayenda pang'ono. Mitengo ya m'mbali mwa msewu inali yobiriwira mopanda manyazi.

"Wa pa kireni angalandire ng'anjo?" anafunsa Otilia.

A Gheza anaima. Anamuyang'ana kuyambira ku nsapato za ku Stuttgart mpaka kutsitsi lopaka utoto.

"Wa pa kireni? Anthu okhala pampando, ongotigwetsera zinthu pamutu?"

"Sindinakugwetserenipo kanthu."

"Unatsala pang'ono. Chaka cha chisanu choopsa chija."

"Munaima polakwika ndinu."

Mkuluyo anapukusa mutu, n'kuyambanso kuyenda. "Unali wa pa ng'anjo yachitatu, zimenezo sindingakane. Sever akanadandaula, koma Sever ankadandaula ndi supu yemwe." Anapuma. "Ndi kutali kumene umakhala. Anthu amalonjeza pa maliro."

"Tanti Saveta ali ndi foni. Msewu ndauona, si wautali monga ndinkauyesera."

"Ndipo sungabwere ndi ulemu wakowo. Zikomo nea Gheza, pepani nea Gheza. Ukatero sindichoka. Wolandira amafika atakwiya."

"Mkwiyo ndili nawo wokwanira chigwa chonse."

"Tiyese. Nena."

Otilia anayang'ana anthu amene anali kutsogolo, n'kutsitsa mawu. "Ndi chiyani chimenechi mwandisiyira?"

"Mwandisiyira! Ukulankhula ndi bishopu? Kweza mawu, ng'anjo imasokosera."

"Ndi chiyani chimenechi wandisiyira, Gheza, nkhalamba yaulesi iwe!"

Wansembe anatembenuka. Tanti Saveta anatembenukanso, n'kumukankha wansembeyo kuti aziyenda.

"Eya," anatero a Gheza, n'kumugwira pamkono kuti akwere naye chitunda. "Koma za ulesizo uchotse. Unene za mafosholo."