Mphika Wosafuna Kuvundukulidwa

"Alamu, uwu mukuti ndi mpunga kapena phala la mwana?"

Mlamu wawo wa a Telala anakweza sipuni n'kuitembenuza, koma mpunga unangokakamira osagwa. A Telala anazyolika. Anali atathamanga kuchokera kushopu, tepi yoyezera ikadali m'khosi, ndipo manyazi anawagwira ngati mwana wopezeka akunyambita shuga.

Chitulukireni m'chipatala, akazi awo sankathanso kuphika. Sitiroko inawapha dzanja lamanja, mwendo nawo ankachita kuukoka, ndipo adokotala analetseratu zoyandikira moto. Ndiye a Telala, munthu woti chikwatirireni anali asanawiritsepo ngakhale madzi a tiyi, anagula mphika wamagetsi wophika pang'onopang'ono. Wogulitsa anawalangiza bwino: tsukani mpunga mpaka madzi ayere, pakani mafuta m'mbali, thirani madzi, vundikirani, kazipitani kuntchito. Lamulo lake linali limodzi lokha, osavundukula mpaka upse.

Zonsezo ankazichita m'mawa uliwonse mosamala ngati akudula suti ya mkwati. Koma akabwera masana ankapeza zomwezomwezo, pansi phala, pamwamba njere zoti n'kuthyola dzino.

"Mng'ono wanga akutha ndi njala," anatero mlamuyo. "Sindikukunyozani alamu, singano mumaidziwa. Koma mphika si makina osokera. Loweruka ndibwera ndi galimoto, azikakhala kwanga."

Akazi awo a Telala anali pampando wawo wapawindo, akuyang'ana panja. A Telala anachita mantha. Mpunga akanatha kuupirira, koma kulowa m'nyumba madzulo osapeza wowafunsa kuti mwaswera bwanji, zimenezo mtima wawo unakana.

M'mawa mwake anatereka mphika uja, n'kuulankhulira pansipansi kuti usawachititsenso manyazi. Atafika kushopu anazindikira kuti aiwala sizasi imene anapita nayo kunyumba kukanola. Anabwerera akung'ung'udza, ndipo atalowa anapeza pampando wapawindo palibe munthu.

Kukhitchini kunkamveka kugogoda kwa sipuni. Akazi awo anali atatsamira kabati ndi chiuno, chivundikiro chili pambali, nthunzi yonse ikuthawira kudenga. Ankavundula mpunga ndi dzanja lamanzere, pafupi pali kapu ya madzi yofika theka.

"Mayi! Kani mfiti ya mphikawu ndinu?"

Mayiwo anadzidzimuka, sipuni n'kugwa pansi.

"Sukuwira, bambo. Mphika wanji wosamveka kubwata? Ndimati ndiuthandizeko."

"Ndiye dzulo achemwali anu akundivula pagulu, inu muli chete?"

"Ndimaopa kuti mundiletsa ndi kulowa komwe muno. Zaka zonsezi mwadya za m'manja mwanga. Lero ndizikhala pawindo ngati mlendo, chiwiya chikundiphikira m'nyumba mwanga momwe? Zikundiwawa, bambo."

Mkwiyo umene a Telala anali nawo unasungunuka. Iwo ankaganiza kuti akazi awo akusowa chakudya basi, osadziwa kuti akusowanso khitchini yawo. Anatola sipuni, n'kuwagwira mkono mpaka kukawakhazika pampando. Kushopu sanabwerere tsiku limenelo.

Anakokera katebulo pafupi ndi mpando uja, n'kuikapo mphika. Kenako anatsuka mpunga wina akazi awo akuonerera.

"Tsukaninso, madziwo akadali ngati mkaka. Mcherewo mukuthira ngati mukupha nyerere? Bweretsani kuno."

Mayiwo anaviika chala cha kumanzere mumphika mpaka chinakhudza mpunga.

"Madzi achuluka. Chepetsani, alekeze pamfundo yoyamba ya chalachi."

A Telala anachepetsa, n'kuvundikira. Chivundikirocho chinali chagalasi, ndipo mayiwo anasendeza mpando kuti azionera mkati. Posakhalitsa dzanja lawo linayamba kuyenda lokha kulowera kuchigwiriro. A Telala analigwira n'kuliika pabondo pawo.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi."

"Mwambi umenewo munaudziwa liti, inu amene mumazimitsa wailesi nyimbo isanathe?"

Anaseka onse awiri, kuseka koyamba chichokereni kuchipatala. Nthawi itakwana, mayiwo ndi amene anavundukula. Mpunga unali woyoyoka, njere iliyonse payokha.

Loweruka mlamu anafikadi, galimoto ikulira panja, chikwama chopanda kanthu chili m'manja choti alongezemo zovala za mng'ono wake. Ataona mphika pakatebulo anatambasula dzanja kuti asuzumire.

"Achemwali, chotsani dzanja! Sunapse umenewo," anatero mayiwo.

Mlamuyo anabweza dzanja msanga, n'kukhala pansi modabwa. Anadikira nawo mpaka mpunga unapakulidwa. Analawa, n'kulawanso.

"Waphika ndani?"

"Eni khitchini," anatero a Telala. "Ine ndine wotsuka mpunga ndi mbale basi."

Mlamu anayang'ana mng'ono wake, amene ankadya ndi dzanja lamanzere, mbale itatsala pang'ono kuyera.

"Chikwamacho mubwerere nacho, achemwali," anatero mayiwo. "Ndikachoka ine, bambowa amiza mpunga m'madzi."

Galimoto itanyamuka, a Telala anatola mbale kupita nazo kusinki. Ali mkati motsuka, anamva akazi awo akuwakalipira kuti akuwononga sopo, ndipo iwo anangomwetulira n'kuwonjezera wina.