Basi Sibwerera M'mbuyo

"Bwerera m'mbuyo, Carmine," anatero Nunzia. "Basi sibwerera, ukudziwa bwino."

Mchimwene wakeyo anali atagwira chiwongolero ngati akufuna kuchizula, thukuta lili kamukamu m'khosi. Kutsogolo basi inali itawayang'ana mphuno ndi mphuno. Kumanzere thanthwe, kumanja kakhoma kolekeza m'mawondo, kuseri kwake phompho mpaka kunyanja. Galimoto ya hayalayi anaitenga pabwalo la ndege ku Napoli, yaikulu dala, kuti anthu aone kuti ku Germany zikumuyendera. Kagalimoto ka malemu bambo awo anakatcha chiphapha. Lero ndi izi.

Anali anayi mmenemo chiyambire m'mawa: Carmine ndi mkazi wake Rosaria kutsogolo, Nunzia ndi mayi awo, a Assunta, kumbuyo. Panali patapita masiku atatu chiikireni maliro a bambo awo, a Raffaele, amene anayendetsa basi mumsewu womwewu zaka makumi atatu. Mama anakana kuti a kampani ya maliro ndiwo amate m'makoma zikalata zothokoza anthu amene anabwera kudzalira nawo. Anati timata tokha, paliponse pamene basi yake inkaima. Ndiye Nunzia anapanikiza chidebe cha guluu ndi mapazi kuchokera ku Amalfi, fungo lake likumuvutitsa.

Koma chomuvutitsa kwenikweni chinali china. Nkhani anali ataiphika kale awiri akutsogolowo, ndipo anaipakulira m'galimoto podziwa kuti mulibe kothawira.

"Ndiye monga timanena muja, mlamu," anatero Rosaria, ngati kuti basi saikuiona, "ife tili ndi ana kusukulu. Iwe mwamuna ulibe, mwana ulibe, ngakhale mphaka."

"Ndili ndi ntchito."

"Ntchito ya kulabu yachipatala ili ku Torino kokha? Nyumba ija ili paphiri. Kumsika, kwa dokotala, kumanda Lamlungu, Mama aziwaperekeza ndani? Bambo ndiwo anali miyendo yawo."

Zaka khumi ndi chimodzi Nunzia anagwira maganyu m'zipatala za kumpoto asanapatsidwe malo okhazikika. Lolemba ankayenera kukhala ali pantchito, apo ayi alembe kalata yosiya. Chinkamupweteka n'chakuti mlamu wakeyo, ndi kamwa lake lonselo, sankanama. Anawayang'ana Mama. Iwo anali phee, chikwama chakuda pamiyendo, maso panja. Anawakwiyira chifukwa cha chetecheteyo, kenako anachita manyazi ndi mkwiyo wakewo.

Basi inaliza hutala. Carmine analowetsa giya, galimoto n'kudumphira kutsogolo m'malo mwa kumbuyo, n'kuzima. Anayesanso. Kumbuyo kunamveka kukhukhuluzika kwa chitsulo pakhoma.

"Amayi Maria," anatero Rosaria, akudzilemba mtanda. "Utiphera pano iwe."

"Takhala chete, mkazi iwe! Msewu wanji wopanda malo ngati uwu?"

"Unabadwira momwemu," anatero Nunzia. "Kapena wayiwala ndi dzina lako lomwe?"

Dalaivala wa basi anatulutsa mutu pawindo, zala atazisonkhanitsa m'mwamba. "Bwana, tigona pano? Laisensi munagula pamsika wa nsomba?"

Apa m'pamene Mama anatsegula chitseko. Chinangotseguka pang'ono chifukwa cha khoma, koma anadzipanikiza n'kutuluka, nazungulira mpaka pawindo la Carmine.

"Tsika."

"Mama, lowani, mugundidwa."

"Ndati tsika. Khala kumbuyo ndi mlongo wako."

"Galimotoyi ndi ya hayala, Mama, analemba dzina langa lokha. Komanso inu simu..."

Anam'yang'ana kamodzi kokha. Bambo wa ana atatu, wadazi lake, anatsika ngati kamwana.

Mama anakokera mpando kutsogolo mpaka kumapeto, anapinda galasi la kumbali, navula nsapato zakuda zija n'kumupatsira Rosaria kuti agwire. Anaika dzanja kuseri kwa mpando, natembenuza khosi. Galimoto inayamba kutsetsereka cham'mbuyo pang'onopang'ono, ikutsata kakhoma, kukhota pamene msewu wakhota, mpaka pamalo otambasuka pafupi ndi munda wa mandimu. Basi inadutsa, dalaivala uja atavula chipewa.

"Munaphunzira liti?" anafunsa Nunzia.

"Chaka chatha, sabata yomwe dokotala anawauza bambo ako za chiwindi chija. M'mawa uliwonse, kuseri kwa manda, m'chiphapha chomwe uyu akunyozachi. Miyezi itatu yoyamba bambo akowo sanandilole kupita kutsogolo. Ankati kutsogolo aliyense amatha." Anapukuta manja padiresi. "Ndinalephera mayeso kawiri. Ankandikalipira mpaka ndinkalira, iwonso n'kulira."

"Bwanji osatiuza?" anatero Carmine.

"Ndimafuna ndimve kaye mmene mundigawanire."

Rosaria anayang'ana nsapato zimene zinali pamiyendo pake. Carmine anayang'ana nyanja.

Mama anatsegula chikwama n'kutulutsa kakatoni kodulidwa ku bokosi la mankhwala, kakuda ndi zala. Anakaimika pafupi ndi chiwongolero. Nunzia anasendera kutsogolo kuti aone. Panali pojambulidwa magiya onse, ndi dzanja lonjenjemera la bambo ake, ndipo m'munsi analembapo ndi zilembo zikuluzikulu: *Mwana wamkaziyo asadzabwerere kuno chifukwa cha iwe kapena ine.*

Nunzia anagwira pakamwa. Misozi inadontha m'chidebe cha guluu, iye osaipukuta.

"Sitima yako ndi ya Lamlungu masana," anatero Mama, akuyang'ana pagalasi ngati kukubwera china. "Ndikakusiya ndekha ku Salerno. Gwira bwino chidebecho, kwatsala makoma asanu ndi limodzi."