Benchi ya Alendo pa Ofesi ya Hajara

Kompyuta inafika pa ofesi ya bungwe la asodzi ku Chipoka matipate atangoyamba, ndipo chaka chomwecho msana wa Hajara unayamba kuwawa. Iye anali mlembi, ndipo anali atagwira ntchito ndi tayipi zaka zambiri osadandaula. Koma tsopano pofika masana khosi linkauma gwa. Kuchipatala anamuuza mosabisa kuti akapitiriza kukhala chowerama, ntchitoyo aisiye.

A Masiye, mkulu wa ofesiyo, anamva. "Mayi, sitikufuna kukupundulani. Zikapanda kusintha mwezi uno, tipeza wina." Hajara anangoti chabwino, koma ana ake ankadyera ntchito yomweyo.

Noah, yemwe ankasamala kompyutayo, anagulula kaswitchi pa chitseko cha galimoto yakufa, n'kukamangirira potsamira pa mpando wa Hajara. Analumikiza waya ku kompyuta, n'kulemba pulogalamu yoti msana ukachoka potsamirapo kwa kanthawi, makinawo azilira.

"Achemwali, mwapeza apongozi atsopano," anatero Noah. "Awa saphethira."

"Bola asamafunse ndiwo," Hajara anayankha.

M'mawa kunkakhala zii. Koma anthu akangoyamba kubwera, piii! Hajara ankadziwongola, posakhalitsa piii! A Masiye ankasuzumira pakhomo n'kubwerera. Hajara anayamba kukhulupirira kuti msanawo unapindikiratu.

Lachinayi kunabwera amalume ake, a Twaibu, eni mabwato, kudzalembetsa maukonde. Anapereka salamu n'kukhala pa kabenchi ka alendo. Asanamalize kufunsa za ana, piii!

"Kodi chikulirachi chamva njala?"

Noah anawafotokozera. A Twaibu anayang'ana Hajara nthawi ndithu.

"Mwana wa mlongo wanga, ukuweramiranji?"

"Sindikuwerama, amalume."

"Iwe, mphunoyo yatsala pang'ono kupsompsona tebulo!"

Apa m'pamene Hajara anadziona. Mpando wamateyala umene unabwera ndi kompyuta unali wautali, pamene kabenchi kanali kakafupi. Alendo ambiri a pa ofesipo anali akuluakulu a kudoko, anthu amene anamuona akukwawa. Kukhala pamwamba pawo n'kumawayang'ana paliwombo, thupi lake linkakana lokha. Linkadzitsitsa iye osadziwa, ndipo linkakhala choncho mpaka mlendo atatuluka.

Noah anatsitsa mpandowo, koma tebulo linafika pachifuwa, manja osafikira bwino polembera.

"Mukuvutikiranji?" anatero a Twaibu akuimirira. "Kwezani ifeyo. Njerwa zatha kodi ku Chipoka kuno?"

Noah anakatola njerwa kuseri kwa ofesi, n'kuziika pansi pa miyendo ya benchi. A Twaibu anakwerapo, nkhwaila zikulendewera m'malere.

"Taonani, lero ndakhala DC. Lemba tsono, mwana iwe, usandichedwetse."

Hajara anatsamira mwamantha. Maso ake ndi a amalume ake anali pa mzere umodzi, ndipo sanamve kuti wachita mwano. Analemba za a Twaibu, kenako za a Ahmad amene analowa pambuyo pawo, kenako za ena. Makina anali chete.

Dzuwa litapendeka a Masiye anatulukira. "Noah, zafa kodi zako zija?"

"Zili moyo, bwana. Zangosowa chonena."

A Masiye anayang'ana njerwa zija, anayang'ananso Hajara ali njo pampando. "Mawa mukaitane kalipentala," anatero. "Sitingamakhazike anthu pa njerwa chaka chonse. Mayi, mudzamuuze inuyo msinkhu wake."

"Alhamdulillah," anatero Hajara chapansipansi pothokoza Mulungu, n'kuitana wotsatira.