Chilole cha Bambo ndi Chimanga cha Dinah

Pa zonse zimene ndinasiya ku Chinsapo, chilole cha bambo ndicho chokha chimene chinandidikira. Mibawa ya m'mbali mwa msewu anaiotcha makala, dambo lomwe tinkamenyapo mpira analidula mapuloti, ndipo pamene panali chitsime tsopano pali bala. Koma chilolecho chinali pompo kuseri kwa nyumba, chobiriwira mofuwa, matayala ofika m'chiuno, nkhuku zikuikira pansi pa mpando. Bambo anachigula pa okushoni asilikali atatopa nacho, natutira mchenga ndi njerwa mpaka imfa yawo. Kuyambira pamenepo sichinalirenso.

Ine za galimoto sindinkadziwa kanthu. Ku Ulaya ndinkangokwera basi popita kukasambitsa nkhalamba za eni. Chimene chinandilowetsa pansi pa chilolecho ndi chimanga cha mlongo wanga Dinah. Munda wake uli kutsidya kwa mtsinje, ndipo mvula ya chaka chimenecho inakokolola kamlatho. Anakolola bwino, nawunjika chimanga pamunda, koma a mapikapu akafika pamtsinje ankangoyang'ana madzi n'kutembenuka. Akuba anali atayamba kale kuyendera milu ya anthu. Ndiye Dinah, mayi wa zidzukulu, wa chifuwa chosatherapo, ankagona kumunda m'kachisakasa, m'mawa n'kubwera kudzasamba akutsokomola.

"Adumbu," anatero tsiku lina, monga timaitanirana ndi mlongo kwathu ku Rumphi, "chitsulo chanu chija chikuti bwanji?"

"Chikuganiza kaye."

"Chiganize msanga. Chiswe kumundaku sichikuganiza ayi, chikudya."

Mphunzitsi wanga anali foni. Ndinkaonera azungu a ndevu akukonza malole m'magalaja oyera ngati chipatala, ine ndili chagada pafumbi, zitosi za nkhuku kumsana. Ndinakhetsa dizilo wakale yemwe ankanunkha ngati penti, ndinatsuka thanki, ndinakagula fyuluta ku Biwi kwa ogulitsa zida za galimoto. Ndinaphunzira kuti chilolecho sichifuna batire limodzi koma awiri. Lina ndinabwereka ku kwaya ya kutchalitchi, lina kwa a Levison, bambo wa ku Thyolo wometa anthu kutsogolo kwa nyumba yathu, amene ankalizira nalo makina ometera magetsi akazima.

A Levison ankabwera kudzazonda batire lawo ngati wodwala.

"Bwana a ku Ulaya, lero tiuluka?"

"Mawa, a Levison."

"Dzulo munati mawa. Chikangolira chimenechi, ine ndikumetani mpala, ulere."

Chomaliza chinali kuchotsa mpweya m'mapaipi. Pambali pa injini pali kapampu kopopa ndi chala. Umapopa, thovu likutuluka pa kabawuti, mpaka dizilo atuluke yekhayekha. Chala chitachita dzanzi ndinakwera, n'kupotoza kiyi. Chinatsokomola, chinabuula, kenaka chinabangula. Utsi wakuda unaphimba zovala za anthu pachingwe, nkhuku zinathawira kwa aneba, a Levison anatuluka akuthamanga n'kusiya munthu atametedwa mbali imodzi.

Ndinatuluka nacho pageti mtima uli m'mwamba. Ndinadutsa pabala paja, ndinafika pachigayo, ndipo pomwepo chinayamba kufooka ngati munthu wanjala. Chinanjenjemera n'kuzima.

Ndinatsika, n'kutsekula thanki. Dizilo analimo. Ndinatseka, ndinapopa kapampu kaja, ndinapotoza kiyi, chinalira bwinobwino. Ndinafika patchalitchi, chinazimanso. Mawa lake chimodzimodzi, mkuja wake chimodzimodzi. Kamtunda kake kanali komweko, ngati chamangidwa chingwe.

Aliyense anali ndi matenda ake oti achipatse. A Levison anati ndi dizilo wa m'zigubu, anyamata amathiramo palafini. Ndinakaima pamzere kufilingi sitesheni kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, n'kugula weniweni, sichinasinthe. Mkulu wina wa mpingo anati chikulira mwini wake, tikachipempherere. Foni inati mwina ndi pampu yaikulu, ndipo nditafunsa ku Biwi anandiuza kuti pampu ya mtundu umenewo anaiona komaliza dziko lino lisanayambe kuitanitsa chilichonse, ndi singano yomwe, kuchokera kunja.

Tsiku limenelo Dinah anabwera mochedwa, maso ali psu. Mulu wa munda woyandikana nawo anali ataukolola anthu ena.

"Ndinawamva akuseka," anatero, akuvula nsapato zamatope. "Ndinangotsokomola dala kuti adziwe kuti muno muli munthu. Basi siyani, adumbu. Ndizisenza pamutu, chimene chifike chifike."

"Mtsinje umenewo ndi thumba pamutu? Ndipatseniko mpata pang'ono."

Anatenga ndowa n'kupita kubafa.

Masana ndinachitulutsanso, ndipo chinazima pafupi ndi msika, pamene amayi amaotcha chimanga. Ndinatsika nditatopa, osapupuluma ngati masiku ena. N'chifukwa chake ndinamva. Pamene ndinkazula chotsekera, thanki inakoka mpweya kuti fwiii, ngati munthu wovuuka m'madzi, chitsulo chake n'kulira kuti phu.

Ndinayang'ana chimene chinali m'manja mwanga. Chivindikiro chenicheni anachiba kalekale. Dinah, poopa mvula, anatseka monga timatsekera botolo la palafini: chitsononkho chokulunga m'jumbo ya shuga, n'kumanga ndi mphira. Ine, poopa fumbi, ndinawonjezera jumbo ina, ndipo nthawi iliyonse ndinkakhwimitsa mphira kuposa kale. Ndinakumbukira mayi akuboola chitini cha mkaka malo awiri, kwina kotulukira mkaka, kwina kolowera mpweya. Dizilo ankatuluka, mpweya osalowa, mpaka pampu kulephera kukoka. Ndikatsekula kuti ndione ngati dizilo alimo, thanki inkapuma, chilole n'kulira, ine n'kuchitsamwitsanso ndi manja anga.

Ndinapempha sipoko kwa wokonza njinga, n'kuiika pambaula ya mayi wina wootcha chimanga.

"Abambo, makala angawa si a galaja."

"Pepani amayi, ndigula chimanga chiwiri."

"Chitatu. Utsi wanu wathamangitsa makasitomala."

Sipoko itafiira ndinaboola chitsononkho pakati pofewa paja, kuchokera uku mpaka uko, n'kulowetsamo kachubu ka bolopeni kuti bowo lisatsekeke. Ndinaliza. Ndinadutsa tchalitchi, ndinatuluka mumsewu wa ku Likuni, ndinazungulira n'kubwerera, khutu lili ku injini kudikira kufooka kuja. Sikunabwere.

A Levison anatseka shopu. "Batire langa silipita lokha kumadzi," anatero akukwera.

Pamtsinje ndinaima. Madzi anali ofiira, othamanga, ndipo kutsidya kunali chitunda chamatope. Pansi pa mpando pali chitsulo cholowetsera matayala onse anayi kuti azikoka limodzi, chimene ndinali ndisanachigwirepo. Ndinakoka, chinakana. A Levison anavula nsapato, nachiponda ndi chidendene uku akutchula dzina la mayi awo, ndipo chinalowa kuti khwa.

"Mukazima pakati, ine sinditha kusambira, mumve," anatero a Levison.

"Inenso."

Tinalowa pang'onopang'ono. Madzi anakwera mpaka popondera, miyala ikugubuduka pansi, chiwongolero chikulimbana nane. Chilolecho sichinachite mantha. Ntchito imeneyi ndiyo anachipangira. Chinagwira chitunda chija ndi matayala akutsogolo, chinataya matope kumbuyo, n'kukwera. A Levison anatsekula maso titafika kale m'mapesi.

Dinah anali ataimirira pambali pa mulu wake, dzanja pakamwa. Nditamufotokozera za chitsononkho, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiye mukuti wolakwa ndine?"

"Ndikuti tonse. Inu munatseka, ine ndinakhwimitsa."

"Ine ndinatseka kuti musalowe mvula, ndipo simunalowe. Inu mukanatseka ndi chiyani, buku?" Anandiponyera thumba lopanda kanthu. "Gwirani kukamwa uko, dzuwa likupita."

Tinalonga mpaka msana kuuma, a Levison ali pamwamba kulandira matumba ndi kudandaula kuti manja ometera akuwonongeka. Pansi pa mulu chiswe chinali chitadyako, koma pang'ono. Chomaliza Dinah anagwetsa kachisakasa kaja, nakweza mitengo yake kuti akakolezere moto.

Tili pafupi kunyamuka, panafika mayi wina wa munda wa kumtunda, a Magret, akupukuta manja pachitenje. Anagwada pang'ono, nalankhula ndi Dinah, maso ali pa chilole.

"Anzanga, changanso chili pamtetete. Kaya abambowa angatimvere chisoni?"

Ndinatsekula pakamwa kuti ndinene za batire la kwaya lofunika Lamlungu, koma Dinah anali atakwera kale kutsogolo.

"Longezani m'matumba," anatero pawindo. "Mawa m'mawa abwera."